Anayeza Chiyani? Mawu a Oyeza Madzi

Madzi ambiri amene amatuluka m'mipopi ya mumzinda wa Blantyre amatungidwa mu Shire, pa Walker's Ferry. Bungwe la Blantyre Water Board limawayeretsa komweko, kenako n'kuwakankha ndi makina a magetsi mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800, kudzera pa Chileka pomwe pali makina ena opopa. Komatu munthu wa ku Mdeka kapena wa m'midzi ya ku Lirangwe, amene Shire ali naye pafupi kuposa wa ku Ndirande, kawirikawiri amamwa a pamjigo kapena a pachitsime, ndipo mjigo ukafa amatsikira kumtsinje. A pa Walker's Ferry amayezedwa tsiku ndi tsiku. A pamijigo yambiri anayezedwa pamene ankakumba, basi. Onsewo timangoti "anayezedwa". Koma oyeza madzi sayeza madzi chisawawa. Ali ndi mafunso angapo, ndipo lililonse lili ndi dzina lake, chida chake ndi muyezo wake.

Funso losavuta ndi la kuvunduka, chifukwa diso nalo limaona. Muyezo wake amautchula ndi zilembo zitatu, NTU. Kumudzi safuna makina: amatenga chipaipi chachitali choonekera, chokhala ndi chizindikiro chakuda pansi pake, n'kumathiramo madzi pang'onopang'ono uku akusuzumira pamwamba. Pamene chizindikirocho chazimirira, amawerenga nambala imene yalembedwa m'mbali. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati madzi akumwa asapose 5 NTU, ndipo ndi bwino akhale pansi pa 1. Mvula ikagwa yamphamvu, mitsinje monga Lirangwe ndi Lunzu imakokolola dothi la m'minda mpaka mu Shire, ndipo nambalayi imafika m'mahandiredi. Vuto la matope si kunyansa kokha. Tizirombo timabisala m'timibulu ta dothi, ndipo klorini amathera pa zinyalalazo asanatifikire.

N'chifukwa chake pamalo oyeretsera madzi amayamba ndi kugwetsa matope, ndipo apa pali kuyesa kumene ine ndimakuona kokongola kuposa kwina konse. Amandandalika mabotolo agalasi ofanana, kawirikawiri 6, onse odzaza madzi a mumtsinje a tsiku lomwelo. Mu lililonse amathira mankhwala otchedwa alamu pa mlingo wosiyana. Amatakasa mwamphamvu kanthawi kochepa, kenako mwapang'onopang'ono, n'kuwasiya adikhe. Alamu amachititsa kuti tifumbi tomwe timayandama tigwirane, tilemere, timire. Botolo lomwe layera bwino ndi mankhwala ochepa ndilo limauza ogwira ntchito mlingo wa tsikulo. Kuchulutsa sikuthandiza: alamu akapitirira muyezo, madzi amayambanso kuvunduka. Ndipo wodziwa ntchito amasiya botolo limodzi lopanda mankhwala, loyerekezera, kuti aone ngati madziwo sakanadikha okha. Popanda botolo limenelo, munthu akhoza kutamanda mankhwala pa ntchito imene yagwiridwa ndi nthawi.

Kuyesa komweku n'kumene kunasonyeza kuti njere za chammwamba zosinja zimagwetsa matope ngati alamu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri a ku yunivesite ya Leicester pamodzi ndi a ku Polytechnic, yomwe lero ndi MUBAS, anaziyesa pamalo oyeretsera madzi a ku Thyolo, ndipo zinagwira. Tisaiwale, komabe, kuti chammwamba chimayeretsa maonekedwe. Sichitha tizirombo tonse.

Klorini aliyense amamudziwa, makamaka chichitikire kolera amene anayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Alangizi a zaumoyo amasungunula ufa wa HTH n'kugawa m'mabotolo, ena amagula WaterGuard pagolosale. Koma woyeza safunsa kuti mwathira wochuluka bwanji. Amafunsa kuti watsala wochuluka bwanji. Klorini akalowa m'madzi, gawo lina limadyedwa ndi zinyalala, ndipo lotsalalo ndilo mlonda wa m'ndowa mpaka madziwo atatha. Pakapita mphindi 30 amaponyamo kapilitsi kotchedwa DPD. Madzi amafiira motuwa, ndipo amayerekeza mtunduwo ndi mitundu ya pakhadi: wotsalayo akhale pakati pa mamiligalamu 0.2 ndi 0.5 pa lita. Ngati mtundu sunasinthe, ndiye kuti mankhwala anathiridwa koma anatha. Amayezanso pH, nambala yochokera pa 0 kufika pa 14 yosonyeza ngati madzi apendekera ku asidi kapena ku chidulo. Madzi akumwa amafunika kukhala pakati pa 6.5 ndi 8.5, ndipo ikapitirira 8 klorini amafooka. Fungo limene ambiri amadandaula nalo si muyezo ayi. Mphuno simadziwa 0.2.

Funso la tizirombo ndilo lovuta, chifukwa yankho lake silibwera pomwepo. Safufuza kachirombo ka kolera kapena ka taifodi kamodzikamodzi. Amafufuza E. coli ndi abale ake, mabakiteriya okhala m'matumbo a anthu ndi ziweto. Akapezeka, ndiye kuti chimbudzi kapena ndowe zafika m'madzimo, ndipo njira imene adzera iwo matenda ena akhoza kudzeranso. Amasefa mamililita 100 pa kapepala ka timabowo tating'ono kwambiri moti bakiteriya sadutsa, n'kukaika m'kambale ka chakudya chawo, n'kukafunditsa pa madigiri 44 kwa maola pafupifupi 18. Bakiteriya aliyense wamoyo amaswana mpaka kukhala kadontho kachikasu kooneka ndi maso. Timadonthoto ndito amawerenga. Pali malamulo ake: botolo likhale lophikidwa, sampulo iyende m'bokosi lozizira ndipo iyezedwe pasanathe maola 6, komanso ayeze sampulo ina ya madzi opanda kanthu. Imeneyo ikamera timadontho, ndiye kuti uve unali m'manja kapena m'zida za woyezayo, ndipo zotsatira zonse n'zotaya.

Muyezo wa WHO pano ndi 0 pa mamililita 100. Wa bungwe la Malawi Bureau of Standards wokhudza mijigo ndi zitsime, MS 733 wa 2005, unalola mpaka 50. Madzi omwewo akhoza "kukhoza" papepala lina n'kulephera pa lina, choncho ndi bwino kufunsa kuti ayezedwa ndi muyezo uti. Funso linanso ndi lakuti sampulo anaitunga pati. Madzi amatha kutuluka pamjigo ali 0, koma pofika kunyumba adutsa m'ndowa yosavundikira, akhudzana ndi zala pomutwika mnzako, ayandamitsa masamba oletsa kutayika, alowamo chikho chimene mwana anachisiya pansi. Kuyeza pakamwa pa mjigo kumanena za mjigowo. Za mumtsuko kumakhala chete.

Patsala zosungunuka, zimene sefa sagwira. Mchere amauyeza ndi kachida konga cholembera, koona mmene madzi akudutsitsira magetsi. Mchere ukachuluka nambala imakwera, monga zimakhalira pamijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Ayironi amafiiritsa ndowa ndi zovala, koma kuopsa kwake kwenikweni n'kwakuti amathamangitsira anthu kumtsinje kumene madzi "amakoma". Laimu ndiye amakaniza sopo kuchita thovu. Zonsezi amayi otunga madzi amazidziwa oyeza asanafike, ndipo woyeza wanzeru amayamba wawafunsa.

Zimene lilime silimva ndi fuloraidi ndi naitireti. Fuloraidi amachokera m'miyala ya pansi, ndipo akapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, malinga ndi WHO, amadetsa mano a ana, monga zimaonekera m'madera ena a ku Balaka ndi ku Machinga. Klorini samuchotsa, ndipo kuwiritsa kumangomuwonjezera mphamvu, poti madzi amauluka iye n'kutsala. Naitireti amalowa kuchokera m'zimbudzi, m'makola ndi m'feteleza. Malire ake ndi mamiligalamu 50 pa lita, ndipo amaopsa kwambiri makanda, chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya. N'chifukwa chake alangizi amaumirira kuti chimbudzi chitalikire mjigo ndi mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi kwake. Mjigo umene unayezedwa uli patchire, lero wazingidwa ndi nyumba, makola ndi zimbudzi, monga zimachitikira malo a malonda a m'mbali mwa msewu wa M1 akamakula, ukufunika sampulo ina, yotungidwa m'dzinja mvula itakhathamira, ndipo pepala la zotsatira zake lisiyidwe m'manja mwa komiti ya mjigowo.