Chimbale

Woyimba akatulutsa nyimbo zatsopano timati watulutsa chimbale, ngakhale nyimbozo tizimvera pa foni. Mawuwa anachokera ku mbale yodyera. Malekodi akale anali akuda, obulungira ngati mbale, ndiye anthu anangowatcha mbale basi. Yaing'ono, yozungulira ka 45 pa mphindi, kawirikawiri inkakhala ndi nyimbo imodzi mbali iliyonse. Yaikulu ija ya 33, yodzaza nyimbo, ndiyo inkayenera dzina loti chimbale.

Kwathu ku Chiringa, pafupi ndi phiri la Michesi, mbalezi zinkabwera ndi azibambo obwerera kuchokera ku Joni, pamodzi ndi gumbagumba ya mabatire. Ndimakumbukira amalume akupukuta mbale ya Mahotella Queens ndi kansalu kofewa, kenako n'kutsitsa singano pang'onopang'ono, tonse tili chete. Ana sitinkaloledwa kuigwira, ndipo m'pake: mbale ikakalika, singano inkangobwereza mawu amodzimodzi, ndipo mbaleyo ikasiyidwa padzuwa inkapindika osaimbanso bwino.

Makaseti atafika, mbale zinalowa m'masutikesi. Dzina lokha ndilo linatsala, ndipo ana a lero amalitchula asanaionepo mbaleyo ndi maso.