Mbiri ya Maina a Ziwalo ndi Nthenda za Diso ndi Khutu m'Chichewa

Cholinga cha nkhani ino ndi kulondola mbiri ya mau amene olankhula Chichewa, chimene ku Zambia ndi ku Mozambique chimatchedwa Chinyanja, amatchulira diso, khutu ndi nthenda zake. Tidzaona kuti mau ena ndi akalekale, ena adasonkhanitsidwa ndi amishoni, ndipo ena akusowabe pamene dokotala akumana ndi wodwala.

Tiyambe ndi mau akale. Dzina loti diso, pochulukitsa maso, tidalilandira kuchokera ku chinenero chimene chidabala zinenero za Chibantu. Carl Meinhof ndi Malcolm Guthrie, amene mabuku ake anayi ofananiza zinenerozi adatuluka pakati pa 1967 ndi 1971, adasonyeza ubale wa mau otere. M'Chiswahili amati jicho, m'Chishona ziso, m'Chibemba ilinso, m'Chitumbuka jiso. Mbiri ya khutu ndi yosiyana pang'ono. M'Chibemba amati ukutwi, pochulukitsa amatwi, kusonyeza kuti phatikizo ku- kale silidali mbali ya tsinde. M'Chichewa phatikizoli lidamatirira ku tsinde, dzina lonse nkulowa m'gulu la Li-Ma. Nchifukwa chake khutu ndi makutu amayenda monga khasu ndi makasu, kapena phiri ndi mapiri.

Makolo adatchula bwino zonse zooneka kunja: chikope, nsidze, misozi, manthongo ndi mwana wa diso. Dzina lomalizali lidachokera ku kachithunzi ka munthu kamene timaona tikayang'ana m'diso la mnzathu, ndipo Aroma adaona zomwezo pamene adati pupilla, ndiye kuti kamtsikana. Zam'kati mwa diso ndi khutu zidalibe maina chifukwa padalibe ntchito yofuna mainawo. Nawonso madokotala a ku Ulaya pamene adayamba kutumbula ziwalozi adatola mau a tsiku ndi tsiku: cornea idachokera ku liu lotanthauza nyanga, retina ku ukonde, cochlea ku nkhono, malleus ku nyundo. Chilatini chidangobisa maina a pamudzi.

Kulembedwa kwa mau athu kudayamba kutali ndi kwathu. Johannes Rebmann adasonkhanitsa mau a Chinyanja pafupi ndi Mombasa kuchokera kwa Salimini, munthu wa kuno amene adagwidwa ukapolo, ndipo bukulo lidasindikizidwa mu 1877. Mu 1892 David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre adatulutsa dikishonale yaikulu ya Chimang'anja, imene Alexander Hetherwick adaikonzanso mu 1929. Robert Laws, amene adali mbusa komanso dokotala, adatulutsa yake mu 1894. Laws yemweyu mu 1876 ku Cape Maclear adagoneka munthu ndi mankhwala a chloroform nachotsa chotupa pamwamba pa diso lake. Mu 1922 Buku Lopatulika lidakhazikitsa mau monga wakhungu ndi wogontha m'makutu mwa anthu ambirimbiri. Koma ntchito zonsezi zidalunjika pa kulalika ndi kuphunzitsa kuwerenga. Anamwino ndi othandiza madokotala adaphunzira za thupi m'Chingerezi, ndipo mwambo umenewu udapitirira ngakhale Chichewa chitasankhidwa kukhala chinenero cha fuko la Malaŵi mu 1968. Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidaika mtima pa malamulo a kalembedwe, ndipo mau a zachipatala adatsalira m'manja mwa omasulira a pa khomo la chipatala.

Zotsatira zake zimaoneka bwino pa liu loti ng'ala. Pamudzi ng'ala ndi kuyera kulikonse kooneka m'diso. Kwa dokotala kuyera kumeneku kuli mitundu iwiri yosafanana konse. Koyamba ndi pamene kagalasi ka m'kati mwa diso kachita chifunga, kawirikawiri chifukwa cha ukalamba; kagalasiko amakachotsa naikapo kena, munthu nkuonanso. Kachiwiri ndi chipsera cha pa khungu loonekera la patsogolo pa diso, chotsalira pambuyo pa chikuku, kusowa kwa vitamini A, kuvulala, kapena mankhwala oopsa othira m'maso. Opaleshoni ya mtundu woyamba siithandiza chipsera chotere. Tsono nkhalamba imene yamva kuti mnansi wake wa ng'ala adabwerako ku chipatala osachira imakhala pansi, pamene ng'ala yake ndi yochiritsika. Nthenda ya glaucoma nayo, imene imaononga mtsempha wa diso pang'onopang'ono, ilibe dzina lodziwika, ndipo nchovuta kuchenjeza anthu za mdani wopanda dzina. Pa nthenda ya trachoma azaumoyo adapambana pofotokoza zimene wodwala amaona yekha, monga manthongo, ntchentche ndi nsidze zopindikira m'kati. Mu 2022 bungwe la World Health Organization lidatsimikiza kuti nthendayi siilinso vuto lalikulu m'Malaŵi.

Ku mbali ya khutu vuto lagona pa mneni kumva. Timamva mau, timamva fungo, timamva ululu, timamvanso malangizo. Motero wosamva angakhale munthu amene makutu ake sagwira ntchito, angakhalenso mwana wamwano. Dzina lakale loti gonthi lilibe chisokonezo chimenechi, koma ambiri amaliona ngati chitonzo, ndipo lerolino anthu amakonda kunena kuti munthu wovutika kumva. Mwana amene akutuluka mafinya m'khutu akhoza kubooka nembanemba ya m'khutumo nayamba kumva movutikira. Kholo likamutcha wosamva, chimene chimabwera msanga ndi mkwapulo, osati ulendo wa ku chipatala. Ngakhale liu loti khungu, polilemba, silisonyeza ngati tikunena chikopa cha munthu kapena kusaona, pakuti kusiyana kwake kuli m'kukwera ndi kutsika kwa liu, kumene kalembedwe kathu sikaonetsa.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa zinthu zitatu. Choyamba, tisanapeke mau atsopano tifufuze m'madikishonale akale ndi kwa anthu achikulire a m'zigawo zonse, ku Malaŵi, ku Chipata ndi ku Tete. Chachiwiri, pamene liu limodzi likusenza nthenda ziwiri, tiliwonjezere mau olekanitsa, monga ng'ala ya m'kati ndi chipsera cha pa diso. Chachitatu, popeka maina a zam'kati titsate njira ya fanizo: nkhono ya m'khutu ndi dzina lomveka kwa mwana wa sukulu ndi kwa agogo ake omwe. Ntchitoyi ifuna akatswiri a zinenero, madokotala ndi odwala eni ake kukhala pa mphasa imodzi, ndipo liu lililonse liyesedwe pa khomo la chipatala lisanalowe m'buku.