Nsambo zinayi, mwini wake wina: mbiri ya besi m'Kabula

Pa dansi anthu amaloweza dzina la woimba, ena n'kumakuwira wa gitala ya lidi akayamba kuliza tinsambo take ta m'munsi. Koma amene wagwira aliyense m'chiuno amakhala kumbuyo, pambali pa wa ng'oma, nkhope ili gwa ngati akuwerengera ngongole. Ameneyo ndiye wa besi. Amadziwika tsiku limene chingwe chake chazuka nyimbo ili m'kati. Ovina amangoti zii, n'kuyamba kuyang'anana, osadziwa chimene chasowa.

Anthu amenewa akakumana, kaya kuseri kwa holo ku Robin's Park kaya pakhonde la tchalitchi ku Ndirande mapemphero atatha, sakamba kwenikweni za nyimbo. Amafunsana za zida. Ndani ali ndi nsambo zapadera? Ampulifaya ya uje ija inapsa bwanji? Kodi mkulu uja akugulitsadi besi yake kapena wangoipinyolitsa? Mlendo angaganize kuti wafika pa gulu la amakanika. Koma macheza amenewa ndi akale kuposa onse amene akuwachezawo, chifukwa besi mumzinda uno yakhala chida chobwereka, chosokasoka, chodikira basi ya ku Joni, ndipo kawirikawiri amene amaidziwa bwino sakhala mwini wake.

Isanakhale ya magetsi, besi inali bokosi. M'zaka za m'ma 1950 m'misewu ya Johannesburg munabuka nyimbo za kwela, zoimbidwa ndi tizitoliro tachitsulo totchipa, ndipo Spokes Mashiyane ndiye anali katswiri wake. Pansi pa chitoliro ndi gitala pankafunika mawu aakulu oti azinyamula nyimbo, ndiye anyamata ankatenga bokosi lopakiramo tiyi, n'kuboola pakati, n'kulowetsapo chingwe, mbali inayo n'kumanga kunsonga ya ndodo yoimika pakona ya bokosilo. Woimba ankaponda bokosi ndi phazi limodzi. Akakokera ndodo kumbuyo chingwe chinkalimba mawu n'kukwera, akaibweza mawu n'kutsika. Panalibe chizindikiro chomuuza poti agwire. Khutu ndi mkono basi.

Nyimbozi zinabwera kuno ndi amuna ochokera ku migodi ndi ku mapulazi a ku Halale, m'masutikesi momwe munali mabulangete ndi mbale za galamafoni. Dzina lakuti Wenela, limene lero timangoti ndi pokwerera basi, ndi la bungwe lomwe linkalemba anthu opita ku migodi ija, mpaka pamene Kamuzu analetsa ulendowu ndege itagwa ku Francistown mu 1974. Bokosi la tiyi nalo silinali lachilendo kwa anthu a kuno, poti tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje ankapita kunja m'mabokosi a mtundu womwewo.

Apa m'pamene mudzi wa Singano ku Chileka ukulowera m'nkhaniyi, ndipo sutulukamonso. Daniel Kachamba, wobadwa mu 1947, ndi mng'ono wake Donald anakhalako ku Salisbury ali ana, n'kubwera kumudzi atamwa kwela mpaka kukhuta. Bandi yawo inali ya chitoliro, gitala, chisekese ndi besi ya nsambo imodzi, ndipo ankaimba m'misewu ndi m'malo omwera. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mu Blantyre. Anawajambula, analemba buku lonena za iwo, ndipo pambuyo pake iye mwini anadzalowa m'gulu la Donald. Ku Joni kwela inali itazilala kale, koma ku Chileka inali ikali moto. Moya Aliya Malamusi, amene pambuyo pake anadzakhala katswiri wofufuza za chikhalidwe, anaimbapo besi ya nsambo imodzi m'gulu limeneli.

Daniel yekha anali ndi njira ina yopezera mawu a besi. Mukamvetsera nyimbo zomwe anajambula ali yekha, mungalumbire kuti m'chipindamo muli anthu awiri kapena atatu. Chala chachikulu chinkayenda pa nsambo zikuluzikulu ngati wa besi, chala cholozera chikuimba nyimbo yeniyeni, pakamwa pakutuluka mawu. Anamwalira mu 1987, Donald mu 2001. Ine ndimati amene akufuna kudziwa kayendedwe ka besi yachimalawi ayambe wamvetsera chala chachikulu cha Daniel asanapite pa YouTube.

M'bale wake wa bokosi lija ndi babatoni, chimtengo chachitali chokhala ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe kumapeto ndi waya mmodzi wolimba. Woimba amamenya wayayo, dzanja linalo likutsetsereka ndi botolo kufunafuna mawu. Kwa zaka zambiri anthu a m'tauni ankachiona ngati choimbira cha anyamata osowa ndalama ya gitala, oimbira makobiri pamsika. Lero Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi Yobu Maligwa wa Madalitso Band ya ku Lilongwe akwera nacho ndege kangapo, pomwe ambiri okhala ndi besi yonyezimira sanadutsepo pa Mwanza.

Besi ya magetsi inafala chifukwa cha Leo Fender wa ku California, yemwe anatulutsa Precision Bass mu 1951 ndi Jazz Bass mu 1960. Nsambo zake zinayi amazitchuna E, A, D, G, ndipo pakhosi pake pali tizitsulo tosonyeza poti chala chigwire, chinthu chimene wa bokosi la tiyi analibe. Kwa ife phunziro lalikulu linachokeranso ku Joni. Joseph Makwela wa Makgona Tsohle Band, gulu lomwe linkaimbira Mahlathini ndi Mahotella Queens, anaichotsa besi kumbuyo n'kuyamba kuitsetseretsa m'mwamba ngati ikuyankhana ndi oimba. Nyimbo zawo za simanjemanje zitagwira dziko lino, aliyense wogwira besi ankafuna kulira choncho, ndipo amene anamvapo MBC Band ikuimba ndi Chichiri Queens akudziwa kumene mphepo inkachokera. Kwina kunali rumba ya ku Congo, imene besi yake imayenda mozungulira ngati munthu wosafulumira kufika.

Koma zida zamagetsi zinabweretsa nkhani ina, ya umwini. Bokosi la tiyi aliyense akanatha kukhoma. Besi ya magetsi imafuna ampulifaya, sipika yaikulu, zingwe ndi magetsi enieniwo, ndipo mnyamata wa ku Bangwe kapena ku Zingwangwa sakanazikwanitsa. Zida zinali za wailesi, za apolisi, za asilikali, za mahotela, za mpingo kapena za wamalonda amene wakhazikitsa bandi. Ngakhale Alleluya Band ya ku Balaka, imene inayamba mu 1978 n'kutulutsa Paul ndi Lucius Banda, inakulira pansi pa mpingo wa Katolika. Woimba ankaphunzira pa gitala ya galoni, n'kudzaigwira besi yeniyeni tsiku loyesedwa ntchito. Akayambana ndi mwini bandi ankachoka ndi zala zake zokha. Mabandi ambiri amene timati anatha chifukwa cha kusamvana, chimene chinachitika n'chakuti mwini zida anakiya chitseko.

M'masiku amenewo, pamene Jazz Giants ya Morson Phuka, Kalimba ndi Makasu zinali mayina odziwika, wa besi ankayenera kudziwa chilichonse: rumba, simanjemanje, nyimbo za azungu zoimbira alendo pa Mount Soche kapena pa Shire Highlands ku Limbe. Chomvetsa chisoni n'chakuti ntchito yake yambiri siinkafika kwa omvera. Nsambo yaikulu ya E imanjenjemera ka 41 pa sekondi, ndipo kuti mawu otsika chotero amveke pamafunika sipika yotha kukankha mpweya wambiri. Kawailesi ka Nzeru kopachika pa mtengo sikakanatha. Amene ankafuna kumva besi ankayenera kupita kumene ikulira, kukaimva ndi chifuwa.

Zinthu zitasintha mu 1994, reggae inasefukira, makaseti a kwa O.G. Issa ku Limbe n'kufika mpaka kumidzi. Inali nthawi yoti wa besi adyerere, chifukwa reggae imamangidwa pa besi ndi ng'oma. Koma nthawi yomweyo masitudiyo anadzaza ndi makiyibodi. Wojambula mmodzi ankatha kuika ng'oma, besi ndi malipenga yekha, ndipo woimba wosauka sakanalipira anthu asanu pamene mmodzi akukwanira. Mvetserani makaseti ambiri a zaka zimenezo: besi yake ndi yofanana, yowongoka, yosapuma. Si zala za munthu.

Chimene chinasunga besi yeniyeni ndi madansi, ndipo apa tabwereranso ku Chileka. Robert Fumulani wa Likhubula River anasiya ana oimba, ndipo Evison Matafale atatulukira ndi zimbale zake za Kuimba, bandi yake ya Black Missionaries, momwe munali ana a Fumulani, inakhala yoimba ndi zida zenizeni sabata ndi sabata. Matafale anamwalira mu Novembala 2001, Musamude Fumulani mu 2007, koma bandi siinagwe, ndipo mwa amene anaigwira ndi Peter Amidu, wa besi. Mudzi umene unatchuka ndi nsambo imodzi ndi womwewo umene unadzaphunzitsa dziko kuvina nsambo zinayi.

Lero mkangano wa oimba besi uli patatu, ndipo sudzatha. A reggae amatsitsa mawu onse akuthwa pa ampulifaya, amaimbira pafupi ndi khosi la gitala, ena ndi chala chachikulu chikhato chitagona pa nsambo kuti mawu atuluke afupiafupi ngati a ng'oma. Kwa iwo luso lili pa malo amene wasiya osaimba. Amatchula Aston Barrett wa Bob Marley ndi Robbie Shakespeare monga ena amatchulira makolo awo. Nsambo zakale, zakuda ndi thukuta, kwa iwo ndi chuma.

Ena ndi a sungura, ophunzira a Alick Macheso wa ku Zimbabwe, mwana wa Mmalawi, yemwe anakulira m'manja mwa Nicholas Zakaria mu Khiama Boys asanayambitse Orchestra Mberikwazvo. Macheso anachita chimene ambiri ankati sichitheka: mwini bandi, woimba wamkulu ndi wa besi, munthu mmodzi. Besi yake imathamanga m'mwamba ngati lidi, ndipo imafuna nsambo zatsopano zolira ngati belu. Wa reggae akamva amati ameneyo akulongolola. Wa sungura amayankha kuti mnzakeyo akuodzera.

Gulu lachitatu, lomwe ndi lalikulu tsopano, lakulira m'matchalitchi. Mipingo ya ku Chilomoni, Machinjiri ndi Chirimba ndiyo yalowa m'malo mwa mahotela monga mwini zida komanso sukulu. Kumeneko mfumu ndi besi ya nsambo zisanu, yokhala ndi B wotsika kuposa E, ndipo anyamata amakonda kumenya nsambo ndi chala chachikulu n'kuikoka ndi cholozera kuti ithetheke. Ena mwa iwo zala zawo n'zoopsa ndithu. Chimene ndimadandaula n'chakuti ambiri amadziwa kayendedwe ka nyimbo za ku America ndi ku Nigeria, koma muwapemphe aike besi pansi pa manganje kapena mganda, amayamba kuyang'ana wa ng'oma.

Nanga zida zimayenda bwanji? M'masitolo a ku Limbe ndi m'tauni mumapezeka besi zatsopano, zambiri za ku China, zina zolembedwa Fender kumutu pomwe Fender sanazionepo. Zabwino zimabwera ndi munthu: m'bale wa ku Joni, m'busa wochokera ku ulendo, kontena ya kaunjika. Zikafika zimazungulira m'manja momwemo kwa zaka, ndipo oimba amazidziwa ngati ng'ombe za m'mudzi, kuti iyi inali ya uje, anaigulitsa mkazi wake atadwala, inakakhala ku Zomba, pano yabwerera. Malonda ambiri masiku ano amayambira pa WhatsApp kapena pa Facebook, koma palibe wanzeru amene amatumiza ndalama asanaigwire. Kusinthana nakonso kulipo: besi ya nsambo zinayi ndi kandalama pamwamba kuti utenge ya zisanu.

Wogula wodziwa sayamba n'kuimba. Amainyamula n'kuyang'ana khosi lake ndi diso limodzi ngati kalipentala woyeza thabwa, chifukwa chinyezi cha dzinja ndi kutentha kwa Okutobala zimapinda mtengo. M'kati mwa khosimo muli chitsulo chowongolera, ndipo chikakhala kuti wina anachipotokola mpaka kuthyoka, besiyo yatha ngakhale ikunyezimira. Kenako amagwedeza chingwe polowera kuti amve ngati pakuthetheka, n'kuzunguza timabatani tonse. Ikakhala ya batire amafunsa ngati mwini wake ankakumbuka kuzula chingwe akamaliza, poti chikasiyidwa momwemo batire imatha usiku wonse. Pa ampulifaya funso loyamba ndi lakuti inachokera kuti. Za ku America zimadya magetsi a 110 kapena 120, athu ndi a 230, ndipo alipo ambiri amene anasangalala ndi mphatso kwa mphindi imodzi yokha, utsi usanatuluke. Zotsalazo zimaphedwa ndi jenereta. Amisiri okonza mawailesi m'misika ya Limbe ndi Ndirande, amene amakulunganso waya wa sipika yopsa ndi manja, akanayenera kulembedwa pa zikuto za zimbale.

Koma mutu weniweni ndi nsambo. Sizipangidwa kuno, ndipo chiperoni ndi thukuta zimazidya msanga. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake unakwera limodzi ndi china chilichonse chochokera kunja, pomwe malipiro a dansi sanasunthe. Ndiye pali nzeru yakale imene wa besi aliyense amaphunzira asanadziwe n'komwe mayina a manotsi. Umamasula nsambo zonse, n'kuzikulunga, n'kuziwiritsa m'madzi kwa mphindi zingapo kuti litsiro lichoke, n'kuziyanika bwinobwino. Zimalira ngati zatsopano kwa dansi imodzi kapena ziwiri. Ikaduka pafupi ndi kumutu, umailumikiza ndi mfundo n'kupemphera. Zatsopano zimakhala zili m'chikwama cha winawake m'basi yochokera ku Johannesburg, pakati pa mabulangete ndi mafuta ophikira, ulendo wa ku Wenela. Basiyo ikachedwa pa chipata cha Mwanza, Loweruka limenelo mphika umabwereranso pamoto.