Napolo

Akuluakulu a m'tsinde mwa phiri la Mulanje amati napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, ndipo chikafuna kusamuka chimaguza miyala, mitengo ndi midzi yomwe. Lero mawuwa amatanthauza chigumukire cha matope ndi miyala chotsika m'phiri. N'chosiyana ndi kusefukira wamba kwa mtsinje, chifukwa sichipatsa munthu mpata wotola katundu.

Mvula ikagwa masiku angapo osakata, dothi lopyapyala lokuta thanthwe limakhuta madzi, n'kuleka kugwira. Likangoyamba kutsetsereka limatsata khwawa, likukokolola miyala ina yoposa nyumba. Pamene mitengo inatha ndi makala, palibenso mizu yolichedwetsa, ndipo pamenepa ife anthu tili ndi mlandu.

Mu Malichi 1991 napolo wochokera m'phiri la Michesi anapha anthu mazanamazana ku Phalombe. Namondwe wa Freddy anabweretsanso zomwezo mu 2023.

Wokwera phiri la Mulanje kudzera ku Fort Lister m'dzinja asagone m'khwawa. Madzi a mtsinje akada mwadzidzidzi, kapena kumtunda kukamveka kugunda kosalekeza, athawire pambali, pamalo okwera, osati kumunsi.