Kumanga OpenSSL kuchokera ku source code pa kompyuta yakale

OpenSSL ndi laibulale ya mapulogalamu yomwe imabisa uthenga woyenda pa intaneti kuti wina asauwerenge panjira. Mapulogalamu monga curl, wget ndi Python amaidalira m'malo molemba okha njira zobisira uthenga. Inayamba mu 1998 kuchokera ku SSLeay, ntchito ya Eric Young ndi Tim Hudson, ndipo mbali yake yaikulu inalembedwa m'chinenero cha C. Kuimanga ndi kutenga source code, malangizo omwe munthu angathe kuwerenga, n'kuwapereka kwa compiler kuti iwasandutse mafayilo omwe purosesa imamva.

Chifukwa chake

Kompyuta yakale imakhala ndi OpenSSL ya nthawi yake, pomwe malamulo a pa intaneti anasintha. TLS ndi njira yomwe makina amagwirizana pobisa uthenga, ndipo mtundu wake wa 1.2 unalowa mu OpenSSL 1.0.1 m'chaka cha 2012, ndipo TLS 1.3 inabwera ndi 1.1.1 mu 2018. Masamba ambiri lero amakana kulankhula ndi makina osadziwa ziwirizi. Pa 30 Seputembala 2021 satifiketi ya DST Root CA X3 inatha nthawi, ndipo makina ambiri okhala ndi OpenSSL 1.0.2 anayamba kukana masamba odalira Let's Encrypt, bungwe lopereka masatifiketi lomwe linkadalira satifiketiyo. Kumakampani kulibenso wokonzera makina oterewa mafayilo omangidwa kale, choncho mwini wake amadzimangira yekha.

Msampha woyamba uli pakhomo penipeni: source code ili pa tsamba lofuna TLS yomweyo yomwe kompyutayo ilibe. Anthu amaikopera pa kompyuta ina n'kuibweretsa pa fulashi.

Kamangidwe

Malamulo ake ndi ochepa: ./config, make, make test ndi make install. Loyamba limafufuza mtundu wa makina n'kulemba Makefile. Lachiwiri limaitana make, chida chomwe Stuart Feldman analemba ku Bell Labs mu 1976, ndipo icho chimatuma compiler fayilo ndi fayilo. Pa kompyuta yatsopano zonsezi n'za mphindi zochepa.

Pa yakale, ntchito yeniyeni ili pansi pa laibulaleyo, m'zida zoimangira. OpenSSL 1.1.1 imafuna chinenero cha Perl, mtundu wa 5.10 kapena woposa apo, koma Mac OS X 10.5 Leopard, yomaliza kugwira ntchito pa ma Mac a PowerPC, inabwera ndi Perl 5.8.8. Ndiye kuti munthu ayambe wamanga Perl. Compiler nayonso ikakhala yokalamba kwambiri, pamafunika GCC yatsopano, yomwe imafuna kaye malaibulale atatu, GMP, MPFR ndi MPC. Kuyambira pa GCC 4.8 ya mu 2013, kuimanga kumafunanso compiler ya C++ yogwira bwino. Munthu amene anafuna laibulale imodzi amapezeka akumanga zinthu zina zisanu, ndipo GCC payokha imatha kudya usiku wonse pa makina oterewa. Zida zoikira mapulogalamu za MacPorts ndi Tigerbrew zimachepetsako mavutowa kwa eni ma Mac akale chifukwa zimadziwa kale choyamba ndi chotsatira.

Purosesa ili ndi zake. Malangizo a SSE2 anayamba ndi Pentium 4 mu 2000, ndipo Pentium III ndi Athlon XP alibe. Pulogalamu yomangidwa moyembekezera SSE2 imafa pa makina amenewa ndi uthenga wakuti Illegal instruction. Apa m'pamene kudzimangira kumapindulitsa, popeza compiler imauzidwa purosesa yomwe ilipo. OpenSSL ilinso ndi zigawo zolembedwa mu assembly kuti ithamange, zomwe assembler yakale nthawi zina siizizindikira. Kuwonjezera no-asm pa ./config kumazidumpha. Laibulale imatuluka yoyenda pang'onopang'ono, koma imagwira ntchito.

Pa RAM, nzeru n'kusaumiriza. Lamulo la make -j4 limamanga mafayilo anayi nthawi imodzi, zomwe zimatsamwitsa makina a RAM yochepa. Kumanga fayilo imodziimodzi n'kuwonjezera swap kumafikitsa ntchito kumapeto.

Wotchi

Make imadziwa zoti imange poyerekeza nthawi yomwe mafayilo anasinthidwa. Ubwino wake amaudziwa aliyense wokhala komwe magetsi amazimazima: akayaka, munthu amangolembanso make, ndipo imapitiriza pomwe inalekezera, ngakhale fayilo yomwe inadukira pakati ndi bwino kuifufuta kaye. Kuipa kwake kumaoneka kabatire ka pa motherboard, kawirikawiri CR2032, kakatha mphamvu. Wotchi imabwerera zaka zambiri m'mbuyo, mafayilo amaoneka ngati ochokera m'tsogolo, make imadandaula za clock skew, ndipo masatifiketi amakanidwa ngati kuti nthawi yawo sinakwane. Kabatire kotchipa kotereka kataitsa anthu maola ambiri akufufuza vuto m'malo olakwika.

Kuika m'malo mwake

Laibulale yatsopano siiyenera kulembedwa pamwamba pa yakale. OpenSSL 1.1.0 ya mu 2016 inasintha momwe mapulogalamu amalankhulira nayo, moti mapulogalamu omwe anabwera ndi makinawo amasweka akaipeza yasinthidwa. Imaikidwa payokha ndi --prefix, mwachitsanzo mu /usr/local/ssl, kenako curl ndi anzake amamangidwanso n'kuuzidwa komwe ili. OpenSSL siibwera ndi masatifiketi a mabungwe odalirika. Mndandanda wa Mozilla, womwe a curl amaufalitsa m'fayilo ya cacert.pem, ndiwo ambiri amagwiritsa ntchito. Laibulale isanaikidwe, make test isadumphidwe ngakhale ichedwe bwanji, chifukwa compiler yakale imatha kumanga molakwika popanda kudandaula.

Chithandizo chaulere cha 1.1.1 chinatha pa 11 Seputembala 2023, choncho womanga lero ayese kaye ya mndandanda wa 3. Ngakhale atatero, zibowo za chitetezo za dongosolo lakalelo zimakhalabe. Makinawo angathe kukopera mafayilo ndi kutsegula masamba, koma sioyenera kuchitirapo za kubanki.