Mbiri ya Ufulu wa Woimbidwa Mlandu m'Malawi

Malamulo amene makhothi a m'Malawi amazengera milandu yaupandu anayamba m'nthawi ya atsamunda. Khothi lalikulu linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo buku la milandu ndi zilango zake, lotchedwa Penal Code, linayamba kugwira ntchito mu 1930. Izi zisanadze, milandu inkakambidwa pabwalo la mfumu. Wodandaula ndi woimbidwa mlandu ankabwera ndi abale awo owayankhulira, ndipo nkhani zambiri zinkathera pa kulipa mbuzi, nkhuku kapena makasu. Atsamunda anabweretsa ndende ndi maloya, koma maloyawo anali owerengeka, moti munthu wamba ankaima yekha pamaso pa woweruza, n'kumamva mlandu wake kudzera mwa wotanthauzira.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, zinthu zinasintha kwambiri chifukwa cha kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, komwe kunayamba mu 1968. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda silinakondwe ndi momwe khothi lalikulu linkamasulira oganiziridwa pamene umboni unali wosakwanira. Choncho mu 1969 nyumba ya malamulo inapatsa makhothi a mafumu mphamvu zozenga milandu ikuluikulu, monga yakupha, ndipo pambuyo pake anayamba kuzenganso milandu youkira boma. Panali khothi limodzi m'chigawo chilichonse mwa zigawo zitatu, ndi lina la apilo pamwamba pake. Oweruza ambiri anali mafumu osankhidwa ndi boma, ndipo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, ngakhale mlandu wake utakhala woti akhoza kunyongedwa nawo. Majaji a ku Britain amene anali kukhothi lalikulu anatula pansi maudindo awo posagwirizana ndi kusinthaku.

M'makhothi amenewa ndi momwe Albert Muwalo Nqumayo anaweruzidwira mu 1977 n'kunyongedwa, ndipo Gwanda Chakuamba anagamulidwa zaka 22 m'ndende mu 1980. Mlandu umene unamveka kwambiri kunja ndi wa Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera. Awiriwa, omwe onse anali maloya, anagwidwa mu Disembala 1981 ndipo anazengedwa mlandu woukira boma kukhothi la mafumu la m'chigawo cha kummwera. Anadziyankhulira okha, mboni zimene ankafuna kuitana kuchokera kunja zinakanidwa, ndipo mu 1983 anagamulidwa kuti aphedwe. Mu 1984 chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton Chirwa, yemwe anakhalapo nduna ya zachilungamo, anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993.

Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itapita, makhothi akuluakulu a mafumu anaimitsidwa. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anaika ufulu wa womangidwa mu gawo 42. Gawoli limati munthu auzidwe chifukwa chimene wamangidwira m'chiyankhulo chomwe amamva, akaonekere kukhothi pasanathe maola 48, asakakamizidwe kuvomera mlandu, ndipo atengedwe ngati wosalakwa mpaka khothi litamupeza wolakwa. Limapatsanso munthu ufulu wopempha belo ndi wokhala ndi loya, ndipo pomwe chilungamo chikufunika kutero, boma ndilo liyenera kumulipirira loyayo.

Ufulu wolembedwa papepala unachedwa kufika kwa amphawi. M'ndende za Maula, Chichiri ndi Zomba munkadzaza anthu odikira milandu yawo kwa zaka zambiri. Pofuna kuchepetsa vutoli, mu 2000 kunayambika ntchito ya alangizi a zamalamulo omwe si maloya, amene amayendera ndende ndi zitokosi za polisi, kufotokozera omangidwa za belo ndi kufufuza abale oti awaimire ngati chikole. Lamulo latsopano la thandizo laulere pa milandu linavomerezedwa mu 2011, ndipo linabala bungwe la Legal Aid Bureau, lomwe linayamba ntchito mu 2015 ngati bungwe loima palokha.

Makhothi nawonso asintha zambiri. Mu Epulo 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, khothi lalikulu linagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kukakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha. Kuyambira mu 2015 akaidi amene anapatsidwa chilango cha imfa mwanjira imeneyi anayamba kumvedwanso. Makhothi anaunika msinkhu wawo, matenda a m'maganizo ndi zomwe anthu a m'midzi yawo ananena, ndipo oposa 100 anatulutsidwa. Mu Januwale 2017 khothi linathetsanso ndime ya lamulo la vakabu imene apolisi ankagwirira anthu ongowakayikira. Mlanduwu unali wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa mbandakucha akupita ku Limbe kukachita malonda ake.

Nkhani ya chilango cha imfa siinathe. Mu Epulo 2021 khothi la apilo linamveka kuti lathetsa chilangochi pa mlandu wa Charles Khoviwa, koma mu Ogasiti chaka chomwecho majaji anafotokoza kuti ambiri mwa iwo sanagamule choncho, ndipo chilangocho chinakhalabe m'malamulo. Komabe m'dziko muno simunanyongedwe munthu kuyambira mu 1992. Vuto lalikulu limene latsala ndi kuchepa kwa maloya a boma poyerekeza ndi kuchuluka kwa milandu, makamaka m'maboma akutali, komwe anthu ambiri amaimabe okha pamaso pa majisitireti.