Moyo wa a Buzz Aldrin atabwerako kumwezi

A Buzz Aldrin ndi munthu wachiwiri kuponda pamwezi. Iwo adatsika m'chombo pa 20 July 1969, patangopita mphindi pafupifupi 20 anzawo a Neil Armstrong atatsika, pa ulendo wa Apollo 11 omwe udakonzedwa ndi bungwe la boma la America loona za maulendo a mlengalenga la NASA. Ngakhale dziko lonse lapansi lidawatamanda kaamba ka ulendowu, m'zaka 9 zotsatira mkuluyu adalimbana ndi matenda a maganizo komanso uchidakwa. Mavutowa adafupikitsa ntchito yawo ya usilikali ndipo mabanja awo awiri adatha m'nyengo yomweyo.

Maphunziro ndi ntchito

A Aldrin adabadwa pa 20 January 1930 m'chigawo cha New Jersey. Adamaliza maphunziro a usilikali ku West Point m'chaka cha 1951, ndipo pa nkhondo ya ku Korea adaulutsa ndege yankhondo maulendo 66. M'chaka cha 1963 adalandira digiri ya udokotala ku Massachusetts Institute of Technology atafufuza za momwe zombo ziwiri zingakumanirane mlengalenga, ndipo chaka chomwecho bungwe la NASA lidawasankha kukhala m'modzi mwa akatswiri ake. Ulendo wawo woyamba udali wa Gemini 12 mu November 1966, pomwe adagwira ntchito kunja kwa chombo kwa maola oposa asanu.

Atabwerera padziko lapansi

Chombo cha Apollo 11 chidatera panyanja ya Pacific pa 24 July 1969. A Aldrin, a Armstrong ndi a Michael Collins adabindikiritsidwa kufikira pa 10 August poopa kuti mwina adatenga tizilombo toyambitsa matenda kumweziko. Kenaka boma lidawatumiza pa ulendo wa masiku 38 wochezera maiko 22, ndipo mu Africa adafika mumzinda wa Kinshasa.

Pa nthawiyi a Aldrin adali ndi zaka 39. Malingana ndi zomwe adalemba m'mabuku awo, moyo wawo wonse udali wotsata cholinga chodziwika ndi ndondomeko yochokera kwa akuluakulu, koma ulendo wa kumwezi utatheka panalibe adawakonzekeretsa za moyo wotsatira. Katswiri wa masamu ndi zombo uja adasanduka wolankhula pamisonkhano ndi pamaphwando, ntchito yomwe sankaikonda.

Mu July 1971 adachoka ku NASA ndi kubwerera ku gulu la asilikali a ndege. Iwo ankafuna udindo woyang'anira ophunzira pasukulu ya Air Force Academy, koma m'malo mwake adawatumiza ku Edwards m'chigawo cha California kukatsogolera sukulu ya oyesa ndege zatsopano, chikhalirecho iwo adali asadagwirepo ntchito yoyesa ndege.

Matenda a maganizo

Ku Edwards ndi komwe matendawa adakula. A Aldrin ankakhala okhumudwa ndi osowa chidwi pa ntchito, komanso ankamva kupweteka m'khosi ndi m'mapewa. Atakaonana ndi dokotala adagonekedwa kwa masabata anayi pachipatala cha asilikali cha Wilford Hall mumzinda wa San Antonio ku Texas.

Vutoli silidali lachilendo kubanja kwawo. Mayi awo adadzipha mu May 1968, ndipo agogo awo aamuna obereka mayiwo adamwaliranso mwanjira yomweyo. A Aldrin ankakhulupirira kuti matendawa ndi akumtundu, ndipo ankadziimba mlandu poganiza kuti kutchuka kwawo pambuyo pa Gemini 12 kudaonjezera mavuto a mayi awo.

M'zaka zimenezo msilikali wodziwika kuti wadwalapo matenda a maganizo ankataya mwayi wokwezedwa, ndipo a Aldrin ankadziwa zimenezi pomwe ankapempha thandizo. Adapuma pantchito pa 1 March 1972 ali ndi udindo wa Colonel, atatumikira zaka 21. Chaka chotsatira adatulutsa buku lotchedwa Return to Earth momwe adafotokoza poyera za kudwala kwawo, pa nthawi yomwe anthu otchuka ambiri ankabisa matenda otere. Adagwiranso ntchito ndi bungwe la National Association for Mental Health polimbikitsa odwala kupita kuchipatala.

Kulimbana ndi mowa

Atapuma pantchito adalowerera pa mowa. Banja lawo loyamba, lomwe lidamangidwa mu 1954 ndipo mudabadwa ana atatu, lidatha mu 1974, chaka chomwenso bambo awo adamwalira. Banja lachiwiri lidangokhala kuyambira 1975 kufikira 1978. Adagonekedwa kangapo kumalo othandizira ofuna kusiya mowa koma ankayambiranso, ndipo ndalama zitawathera adakagwira ntchito yogulitsa magalimoto a Cadillac ku Beverly Hills, yomwenso siidawayendere.

A Aldrin adasiya mowa mu October 1978 mothandizidwa ndi gulu la Alcoholics Anonymous, momwe anthu omwe ali ndi vutoli amakumana ndi kulimbikitsana. Pambuyo pake adathandizako ena a vuto lomweli. Nkhani yonseyi adaifotokozanso m'buku lawo la Magnificent Desolation lomwe lidatuluka mu 2009.

Cholinga chatsopano ndi ukalamba

Atachira adabwerera ku luso lawo lakale. Mu 1985 adakonza njira yoti chombo chizizungulira kosalekeza pakati pa dziko lapansi ndi Mars mosadya mafuta ambiri, yomwe akatswiri amaitchula kuti Aldrin cycler. Mu 1998 adakhazikitsa bungwe la ShareSpace Foundation lolimbikitsa maphunziro a za mlengalenga, ndipo mu 2013 adatulutsa buku la Mission to Mars.

Mu December 2016, ali ndi zaka 86, adafika ku South Pole koma adadwala ndipo adathamangira nawo kuchipatala cha mumzinda wa Christchurch ku New Zealand komwe adawapeza ndi madzi m'mapapo. Mu 2018 ana awo awiri adapempha khoti kuti liwapatse mphamvu zoyang'anira chuma cha bambo awo ponena kuti nzeru zawo zayamba kufooka. A Aldrin adakana zimenezi ndipo nawonso adasuma, koma mbali zonse ziwiri zidathetsa milanduyi mu March 2019.

A Armstrong adamwalira mu 2012 ndipo a Collins mu 2021, kotero kuti a Aldrin adatsala okha mwa atatu a pa Apollo 11. Adakwatiranso pa 20 January 2023, tsiku lomwe adakwanitsa zaka 93, ndipo mkaziyo adamwalira mu October 2025. Mu May 2023, patadutsa zaka 51 chipumireni pantchito, gulu la asilikali a ndege lidawapatsa udindo waulemu wa Brigadier General.

Chisamaliro cha akatswiri masiku ano

Bungwe la NASA lili ndi madokotala a matenda a maganizo omwe amathandiza akatswiri ndi mabanja awo ulendo usanayambe, uli mkati komanso utatha. Obwerera kuchokera ku International Space Station amakhala masiku 45 akuchita masewero olimbitsa thupi moyang'aniridwa, popeza mafupa ndi minofu zimafooka mlengalenga. Mu 2017 boma la America lidakhazikitsa lamulo la TREAT Astronauts Act, lomwe limapatsa bungweli mphamvu zoyeza ndi kupereka chithandizo kwa akatswiri opuma pantchito pa matenda a m'thupi ndi a maganizo omwe abwera kaamba ka maulendo a mlengalenga.